Matewera Osowa pa Yadi ya Ba Magdalene

Choyamba kusowa linali thewera limodzi. Pa yadi ya Ba Magdalene, ku komboni ya Kanyama, imeneyo si nkhani yoti munthu n'kusiyira ntchito, chifukwa chingwe choyanikapo zovala n'chimodzi, mabanja a lendi ndi ambiri, ndipo mphepo ya dzinja nayonso imaba. Amake Happy, mayi yekhayo amene anali ndi khanda pa yadipo, anang'ung'udza pang'ono n'kuiwala. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti theweralo linabwerera lokha.

Amene analiona ndi Felistus. Iyeyu ankadzuka tambala asanalire kuti akoleze mbaula ndi kukazinga vitumbuwa, malonda amene ankamulipirira lendi ndi kumudyetsa iye ndi mlongo wake Kombe. Potuluka ndi mbaulayo, kanthu kozizira kanamukhudza patsaya. Atawalitsa tochi ya foni, anapeza thewera lija lili pachingwe, lochapidwa bwino, lopanidwa ndi mapegi, likudontha madzi pomwe usiku umenewo mvula sinagwe. Linkanunkhira sopo wa ana, ndipo atalikhudza anamva kuti madziwo anali ofunda.

Patapita masiku pang'ono kunasowa kachipewa koluka. Kenako timasokosi tachikasu. Kenako beseni la buluu limene Amake Happy ankasambitsiramo mwana linapezeka m'mawa kuseri, pafupi ndi nyumba yosatha ija imene malemu amuna a Ba Magdalene anaisiya yopanda denga, m'kati mwake mutatsala timadzi ta thovu. Wakuba wa mtundu wanji ameneyo, wosiya mapoto ndi nsapato za akuluakulu n'kumatola za khanda, n'kuzichapanso? Amake Happy anayamba kugona atamumangirira mwana kuthupi ndi chitenge. Ankati zambiri mwa zinthuzo anachita kupatsidwa ndi Ba Magdalene, ndiye mwina pali wina amene zinamupweteka mumtima.

Ndiye panali phokoso lija. Masiku amenewo magetsi ankazima dzuwa likangolowa, ndipo mdima wa ku Kanyama nthawi ya mvula ndi wolemera: umanunkha matope ndi utsi wa makala onyowa, ndipo achule a m'zithaphwi amalira mpaka makutu kuzolowera. Koma pakati pa usiku achulewo ankangoti zii, onse pamodzi. Mukachetecheteyo munkamveka madzi akutungidwa ndi dzanja n'kutsanulidwa pang'onopang'ono, kutunga, kutsanula, kutunga, kutsanula. Pambuyo pake kankabwera kanyimbo kapakhosi, kopanda mawu, kotsika kwambiri moti sukanadziwa ngati woimbayo ndi mkazi, mwamuna, kapena chinthu china. Aliyense ankakamva, koma panalibe amene ankatsegula chitseko.

Pa yadi pakachitika chachilendo, anthu safufuza nthawi yaitali ngati pali kale munthu woti amuloze chala. Pa yadi imeneyi analipo Kombe.

Kombe anali mnyamata wokonza mafoni m'tauni, waluso ndithu, mpaka chaka chimene anayamba kumva mawu amene ena sankawamva. Anasiya kugona, anasiya kudya, ndipo tsiku lina anamupeza akuthamanga pakati pa msewu wa magalimoto alibe nsapato. Felistus anapita naye ku Chainama, chipatala cha odwala misala, anagonekedwa kumeneko, ndipo anabwerako ali bwino. Tsopano ankamwa mapiritsi madzulo aliwonse, mwezi ukatha n'kupita kukabayitsa jekeseni. Mankhwalawo anamunenepetsa, ankamunjenjemeretsa manja pang'ono ndi kumuchedwetsa kuyankha, koma mutu wake unali m'malo. Ankakhala pakhomo pa kachipinda kake, moyandikana ndi ka Felistus, n'kumakonza mafoni ndi mawailesi a anthu omwewo amene ankamutcha wofunta, ndiko kuti wamisala.

Za chimene chinamudwalitsa, Kanyama yense anali dokotala. Ena ankati ndi chamba, pomwe mnyamatayo ngakhale fodya wamba ankamutsokomoletsa. Ena ankati anawerenga mabuku mopitirira muyezo. Ena ankati pali malume wake ku Kopala, kumigodi kuja, amene anamupereka nsembe kuti malonda aziyenda. Foni ankabweretsa inde, poti ankakonza motchipa, koma ankaipereka kudzera kwa Felistus. Kapu imene wamwera ankaitsuka ndi phulusa, ati misala imayenda m'malovu. Ana akamuyandikira, amayi awo ankawakoka pakhutu. Mwezi ukakhala wathunthu, anthu ankamusuzumira ngati mphika woti uwira nthawi ina iliyonse.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamupatsa moni womuyang'ana m'maso: Nsofwa, mkazi wa Rex, mpongozi wa Ba Magdalene. Nsofwa anali chitsanzo cha yadi yonse. Miyezi ingapo m'mbuyomo anapita ku chipatala ndi mimba yakupsa n'kubwerako chimanjamanja, mwana atabadwa wakufa. Nthayo, kapena kuti kapopo monga amanenera Ba Magdalene m'chinenero cha kwawo, ilibe maliro. Amayi achikulire anakamukwirira mwanayo mwakachetechete, osamuonetsa Nsofwa manda, ndipo apongozi ake anamukhazika pansi tsiku lomwelo.

"Kapopo sitilila, mwana wanga," anatero. "Ukagwetsa msozi, mimba izatseka, suzabalanso. Limba."

Anachotsa m'nyumbamo chilichonse chimene mtsikanayo anakonzera mwana, kuti chisamamukumbutse. Ndipo Nsofwa analimbadi. Ankasesa yadi yonse mbandakucha, ankaimba kwaya, ankamwetulira aliyense. Amayi ankauzana pa mpopi kuti mkazi wophunzitsidwa bwino ndi ameneyo.

Tsiku limene kunasowa kabulangete ka Happy, Rex anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Rex anali dalaivala wa minibasi, wamawu aakulu, wozolowera kuti akalankhula msewu upatuke.

"Tisabisane," anatero. "Tonse tiziba amene achita ivi. Muntu wabwinobwino angabe thewela? Lelo ni vovala, mailo azatenga mwana."

"Kombe akamwa mankhwala amagona monga mwala," anayankha Felistus. "Olo mumenye ng'oma pa khutu sauka."

"Mankhwala yamene ayo ndiye yamupusitsa," anatero Ba Magdalene, modekha, ngati munthu wofunira mnzake zabwino. "Ichi ni chiwanda, Felistus. Chiwanda sichimvela mapilisi. Kuli ba profeti ku phili, bamamanga odwala, basala kudya, bataya mankhwala yonse, muntu apola. Pa Sondo bazabwela kumutenga. Ngati sufuna, sakila nyumba kwina."

Nyumba kwina Felistus akanaipeza kuti? Asanafike pa yadi imeneyi anayenda makomboni a Chawama, George mpaka Garden, ndipo paliponse akangomva za Kombe chipinda chinkakhala kuti changotengedwa kumene. Komanso ankadziwa chimene chimachitika mlongo wake akasiya mankhwala, chifukwa anachiona ndi maso ake pamsewu paja, galimoto zikumuphonya. Kumutengera ku phiri kunali kumubwezera kumene anamutola, mwinanso kumanda. Anayang'ana Kombe, amene anali pakhomo pake akumva zonse, kasikuludiraiva kali m'manja. Kombe sanadzutse mutu.

Madzulo amenewo Felistus anachita chinthu chimene chinamuchititsa manyazi. Anagula loko pa kantemba, kagolosale kapafupi, ndipo Kombe atalowa kukagona, anayenda monyang'ama n'kukhoma chitseko chake kunja. Ankadziuza kuti akufuna umboni woti awaonetse anthu aja. Koma pansi pa mtima panali kafunso kamene sankafuna kukayang'ana: nanga ngati ndi iyeyo? Lokoyo anati kwatsa, mokweza kuposa mmene ankayembekezera.

"Ba sisi," anamveka Kombe m'katimo. "Mwakhoma?"

"Ni chifukwa cha bakawalala," anatero Felistus, akunamizira akuba.

"Bakawalala bamakhomelewa kunja, ba sisi. Ine mwanikhomela mukati." Kenako anangoti, "Gonani bwino."

Usiku umenewo achule anakhalanso chete, madzi anatungidwa n'kutsanulidwa, kanyimbo kaja kanamveka. Felistus anamvetsera ali chigonere, mantha ndi chimwemwe zitasakanikirana, kiyi ataifumbata mpaka kumusiya chidindo m'dzanja. Kutacha, beseni linapezekanso kuseri. Anaitana yadi yonse kuti ione loko ali chikhomere, n'kutsegula pamaso pawo. Kombe anali m'tulo, kukamwa kuli yasa.

Mukuganiza kuti anapepesa? Amake Happy anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Mwaona manje," ananong'ona. "Atuluka na pa chitseko chokhoma. Si kufunta chabe uku, muli na ufiti."

Pofika masana nkhani inali itafika kumsika, itamera nthenga. Ena anali atamuona akusanduka mphaka, ena anali atamuona akuuluka ndi beseni. Madzulo Rex anabwera ndi unyolo wa ku galaja, wakuda ndi girisi, n'kuupachika pa nthambi ya mango kudikira Lamlungu. Mphepo ikawomba unkagundana pang'onopang'ono, ndipo phokosolo linkalowa m'chipinda chilichonse.

Felistus anamupititsira Kombe chakudya n'kukhala pa bedi lake. M'pamene anazindikira kuti kawindo ka chipindacho kanayang'ana ku nyumba yosatha ija.

"Iwe Kombe, pa windo apa suonako kantu usiku?"

Kombe anatafuna nthawi yaitali. "Masiku yena tulo tumachedwa. Nimaona."

"Uona ndani?"

"Siningakambe."

"Bazakumanga pa Sondo. Wayiona cheni ija? Bazakutayila mankhwala."

"Nayiona." Anaika mbale pansi. "Ba sisi, ine zina ya wofunta nili nayo kudala, nayizolowela. Koma uja muntu sangayikwanise. Akayivala, bazamupwanya. Ndipo olo nikambe, azanimvela ndani?"

Felistus anakwiya kwambiri, mkwiyo wa munthu amene watopa kusenza mnzake. Anamutukwana kuti ndi wouma mutu, anatuluka, nakhoma chitseko mwamphamvu. Atafika m'chipinda chake analira. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, koma sananene kuti ataiona anamukhulupirira ndani.

Usiku wa Loweruka sanagone. Anakhala pampando kuseri kwa chitseko atafunda chitenge, foni ili m'manja. Kunja kunkawaza kamvula kosalekeza, madontho akugwa kuchokera pa malata kulowa m'zidebe zimene anthu anatchera. Unyolo unkalira pa mango. Kutali, cha ku bala, jenereta inadukizadukiza n'kuzima, ndipo mdima unakhala ngati wawonjezeka. Kenako achule anasiya.

Anamva chitseko china chikutseguka mosamala, mwa munthu wodziwa pamene chimalira. Mapazi opanda nsapato anadutsa m'matope, kuima pa chingwe, kuima pakhomo pa Amake Happy pamene beseni linkakhala, n'kulowera kuseri. Felistus anaimirira. Anapemphera pemphero lalifupi losamveka mutu wake, anatsegula, n'kutsatira akupapasa khoma. Podutsa pa chitseko cha Kombe anakhudza loko, ndipo anali chikhomere.

Nyumba yosathayo inali ndi makoma ofika m'mapewa, udzu utamera m'zipinda. M'chipinda cham'kati munkaoneka kuwala kofooka kwa kandulo woikidwa m'bowo la buloko. Kutunga, kutsanula. Fungo la sopo wa ana linamupeza asanafike pakhomo. Anasuzumira.

Munthu anali atagwada chomufulatira, flasiki ya madzi otentha ili pambali, beseni la buluu lili patsogolo. Dzanja lamanzere analipinda m'madzimo ngati mmene mayi amachirikizira kamutu ka khanda, lamanja likutunga madzi n'kuthira mosamala kuti asalowe m'maso. Koma pa dzanjapo panalibe kanthu. Madzi ankangodutsa m'zala n'kubwerera m'beseni. Pa buloko lina anali atayala kabulangete kaja, kachipewa ndi timasokosi tachikasu zili pamwamba, zokonzeka.

Felistus anaponda kamwala. Kanyimbo kanaduka, ndipo munthuyo anatembenuka pang'onopang'ono. Anali Nsofwa, akumwetulira kumwetulira kwake kwa masiku onse.

"Ba Felistus, kambani pang'ono," ananong'ona. "Angayambe kulila."

"Nsofwa, uchita chani kuno?"

"Nimusambika. Simumamumvela usiku? Amalila maningi. Banamutaya alibe na kovala, manje mvula ilokwa, amvela mphepo." Anatulutsa manja m'madzi, nanyamula chopanda kanthucho, nachiika pa kabulangete n'kuyamba kuchipukuta. "Ivi vovala ni vake. Nine ninaluka kachisote aka. Ba mayo banapasa amake Happy, koma ine nibweleka chabe, nimabweza. Nimachapa."

Apo m'pamene Felistus anakumbukira Nsofwa ali ndi mimba, atakhala pansi pa mango ndi ulusi wachikasu pamiyendo. Zonse zimene zinkasowa zinali zija zinachotsedwa m'nyumba mwake. Yadi yonse inaona zinthuzo zikugulidwa, inazionanso zikuperekedwa kwa wina, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene analumikiza, poti maso onse anali pa chitseko cha Kombe.

"Musauze ba mayo," anatero Nsofwa, ndipo kumwetulira kuja kunayamba kugwedezeka. "Bananiuza kuti nisalile. Onani, sinilila. Kuchokela tsiku ija sininalileko olo kamozi."

Ndiye penapake mumdimamo munamveka kakhanda kakusisima, kamodzi kokha. Mwina anali Happy ku chipinda cha amake, inde, mwina anali iyeyo. Koma Nsofwa anali atawerama kale n'kuyamba kutonthoza kabulangete kaja. Felistus anabwerera m'mbuyo osatembenuka mpaka anagunda khoma la chipinda chake.

Kunacha asanasankhe chochita. Ankati akauze Rex mwamseri, koma Rex anali atapita kale kukatenga anthu a ku phiri. Anafika nawo dzuwa litangotuluka, amuna awiri ovala mikanjo yoyera yamatope m'munsi. Yadi yonse inatuluka, ndi a mayadi oyandikana omwe anasuzumira pa mpanda. Felistus anatsegula loko ndi manja ake. Kombe anatuluka osalimbana, anakhala pansi pamene anamulozera, natambasula mwendo yekha. Mmodzi wa amunawo analowa m'chipinda n'kutuluka ndi kabotolo ka mapiritsi, akukagwira ndi nsonga za zala ngati khoswe wakufa.

Chapatali, Nsofwa ankasesa, atavala kale yunifolomu ya kwaya. Rex anatsitsa unyolo n'kuuzunguliza pa kakolo wa Kombe. Kombe anakweza maso n'kuyang'ana mlongo wake, napukusa mutu pang'ono, kumuletsa. Felistus anaona munthu wa mikanjo uja akutsegula kabotolo pamwamba pa chithaphwi, ndipo pakamwa pake panatseguka pokha.

"Lekani. Si Kombe." Anatembenukira kwa Ba Magdalene. "Ba mayo, ganizani bwino. Vonse vamene visowa, si vija munachosa mu nyumba ya Nsofwa? Yendani mukaone ku nyumba yosasila. Namupeza usiku, asambika mwana wamene kulibe."

Tsache linasiya kulira. Ba Magdalene anayenda okha kupita kuseri, ndipo anabwerako atanyamula kabulangete, kachipewa ndi kandulo wotsala. Nsofwa anawayang'ana, nayang'ana zimene zinali m'manja mwawo.

"Ba mayo, mwamunyamula molakwika," anatero mwaulemu. "Gwililani mutu."

Rex anatsala chigwadire pa mapazi a Kombe, kukamwa kuli pululu. Khoswe anali atakhala pa mkhate tsopano. Anamasula unyolo mwakachetechete osamuyang'ana Kombe kumaso, anaimirira, nagwira mkazi wake padzanja n'kulowa naye m'nyumba, unyolowo ukukwekwereka pambuyo pake. Kombe anatola kabotolo kake pamene munthu uja anakagwetsa, nakapukuta pa malaya.

"Iyi nkhani isatuluke pa geti," anatero Ba Magdalene, ngati kuti theka la Kanyama silinali pa mpanda. "Pa banja pathu palibe ofunta. Ni chiwanda cha kapopo, tizachipemphelela mu nyumba."

Wopepesa sanapezeke. Amake Happy anatentha zovala zonse zija kuseri kwa chimbudzi, beseni analiphwanya ndi mwala. Pofika masana, amayi a pa mpopi anali atakumbukira kuti Nsofwa ankamwetulira mopitirira muyezo, kuti maso ake sanali bwino kuyambira kale, ndipo wina anati n'zosadabwitsa poti ankakonda kupatsana moni ndi Kombe. Anthu a mikanjo anakhala m'nyumba ya Ba Magdalene tsiku lonse akufuula, ndipo pochoka madzulo anatuluka chimanjamanja. Pa nthambi ya mango panatsala chipsera cha girisi chokha.

Usiku umenewo achule analira osalekeza. Kunalibe madzi otsanulidwa, kunalibe kanyimbo. Yadi inagona tulo tabwino koyamba pa nthawi yaitali, mpaka mkonono wa amuna a Amake Happy unkamveka kudutsa khoma. Felistus yekha ndiye anali maso, ndipo ndiye anamva phokoso latsopano likuchokera ku nyumba yaikulu. Chitsulo chinkakwekwereka pa simenti, pang'ono, n'kuima mwadzidzidzi ngati chafika pothera. Chete. Kenako kukwekwerekanso kubwerera. Chinkalowera mbali ya kuseri nthawi zonse, kumene kunali nyumba yosatha, ndipo nthawi zonse chinkaima pamalo omwewo.

Pa zonse zimene anamva m'masiku amenewo, ili ndilo phokoso limene linamuopsa kwambiri, chifukwa ankadziwa amene analiyambitsa. Mlongo wake anamupulumutsa, zimenezo sakanazibweza ndipo sankafuna kuzibweza. Koma unyolo sunachoke pa yadi, unangosintha mwendo. Anadzitsekera makutu ndi pilo, koma ankaumvabe.

"Ba sisi." Mawuwo anadutsa khoma, otsika. "Ba sisi, segulani."

Anadzuka n'kutuluka, ndipo atafika pa chitseko cha Kombe anachita manyazi. Loko anali pomwepo, wokhoma. Anali atamukhomeranso madzulo amenewo osaganiza n'komwe, dzanja litangozolowera. Anatsegula.

Kombe anali ataimirira kale, atavala malaya ake oyera amene ankapita nawo ku jekeseni, nsapato atamanga zingwe. Anayang'ana lokoyo m'manja mwa mlongo wake.

"Uyenda kuti usiku uno?"

"Mwamvela naimwe, ba sisi."

"Bazakumenya. Rex sali bwino lelo."

"Mwina. Koma pa yadi pano nine neka niziba njila."

Anadutsa pakati pa yadi ndi kayendedwe kake kochedwa kaja, matope akumata nsapato, mpaka anafika pakhonde la nyumba yaikulu. Felistus anaima kanthawi, kenako anaponya loko m'chidebe cha madzi a mvula n'kumutsatira. Makatani a zipinda zina anayamba kugwedezeka. Kombe anagogoda katatu, mwaulemu.

"Odi, ba Rex. Nine Kombe, wofunta uja." Anadikira. "Cheni siipolesa, ba Rex. Mulamu adwala chabe, monga mwamene ninadwalila ine, ndipo kuli bantu bamene baziba kumuthandiza. Kukacha kuseni nizamupelekani ku Chainama, basi niyiziba pokwelela. Koma lelo mumasuleni. Mulekeni alile mwana wake."

M'katimo chitsulo chinasiya kukwekwereka. Felistus ankamva madontho akugwa kuchokera pa malata. Kenako kunayamba kulira, kotsika poyamba ngati kanyimbo kaja, n'kumakwera, n'kumakwera, mpaka kunasanduka kulira kwa maliro kwenikweni, kumene kunachedwa miyezi yonse ija. Mawu a Ba Magdalene anamveka akuletsa, koma kulirako kunawakwirira.

Wina anali ataima kuseri kwa chitseko, ankamveka kupuma kwake, koma sanatsegule. Felistus anakwera pakhonde n'kuima pambali pa mlongo wake. Kombe anagogodanso.